Mame Amene Sakamuka: Eni Nthaka ndi Obwera m'Zolemba za Chichewa

Pali ulendo umodzi umene alembi a Chichewa akhala akuulemba mobwerezabwereza chiyambire kusindikizidwa kwa mabuku athu. Mnyamata amatsanzika makolo, amanyamula kamtolo kake n'kulowera ku Halale, ku Joni kapena ku Kabula. Kumeneko amakumana ndi ndalama, mowa wa m'mabotolo ndi anzake achinyengo. Pomaliza amabwerera kwawo, mwina atalemera, mwina atasauka, mwinanso ali m'bokosi, ndipo mudzi umamulandira monga momwe anausiyira. Bwalo lili pomwepo, manda ali pomwepo, munda wa amayi ake ukumudikira.

Ulendo umenewu tauwerenga kokwanira. Nkhani ino ikufunsa za ulendo winawo, wa anthu amene amachoka m'tauni kapena kunja kudzakhala kumudzi ali ndi ndalama m'thumba ndi chikalata m'manja. Kodi zolemba zathu zawaona anthu amenewa? Kodi zamva zimene eni mudzi amanong'onezana mlendo wotere akayamba kuzika mitengo ya mpanda? Poyankha mafunsowa ndigwiritsa ntchito dera la Kachebere m'boma la Mchinji, m'mapiri a m'malire a dziko lino ndi Zambia, chifukwa mbiri ya deralo ndi mbiri ya obwera okhaokha, ena pamwamba pa anzawo.

Dzina lachilendo, nthenda yakwathu

Mu 1964 mayi wina wofufuza za kakhalidwe ka anthu, Ruth Glass, anaona chinthu chodabwitsa m'madera ena a mzinda wa London. Anthu opeza bwino ankagula nyumba zakale m'madera a anthu ogwira ntchito zamanja n'kuzikonza. Posakhalitsa mitengo ya nyumba ndi lendi inkakwera, ndipo mabanja amene anakhalako zaka zambiri ankasamuka chifukwa cholephera kulipira. Mayiyu anautcha mchitidwewu gentrification. Pambuyo pake ofufuza ena anapeza zomwezo m'midzi ya kumapiri ku Ulaya ndi ku America, kumene anthu a m'mizinda amakagula malo pofuna bata ndi mpweya wabwino, mpaka ana a eni dera kusowa pomanga nyumba kwawo komwe.

M'Chichewa tilibe liwu limodzi lotanthauza zimenezi, koma nthenda siidikira kupatsidwa dzina kuti iyambe kupweteka. Chimene chimasiyanitsa mchitidwewu ndi kulanda malo kwa nthawi ya atsamunda n'chakuti pano sipamveka mfuti. Munthu amagulitsa yekha, amadinda yekha chala, amawerenga yekha ndalama, ndipo nthawi zina amathokoza wogulayo ndi mtima wonse poti mwana anali atabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Chilonda chimadzaoneka patapita zaka, ana a wogulitsa uja akakula n'kupeza kuti polima palibe. N'chifukwa chake nkhaniyi ndi yovuta kuilemba. Ilibe chigawenga choti n'kuchiloza chala, ndipo mlembi amene anazolowera kugawa ampangankhani ake m'magulu awiri, abwino ndi oipa, amasowa pogwira.

Kachebere: obwera pamwamba pa obwera

Malire a Malawi ndi Zambia m'dera limeneli amatsata msana wa mapiri umene umagawa madzi. Ena amatsikira kum'mawa kukalowa mu Bua mpaka ku nyanja ya Malawi, ena amatsikira kumadzulo kukathira mu Luangwa. Anthu a mbali zonse ziwiri ndi amodzi. Amayankhula chiyankhulo chimodzi, amakwatirana, amaikana maliro. Achewa ndiwo anayamba kukhazikika kuno, ngakhale iwonso mbiri yawo imanena kuti anachita kubwera ndipo anapeza anthu ena, monga momwe Samuel Josia Ntara analongosolera m'buku lake la Mbiri ya Achewa. M'zaka za m'ma 1800 kunafika Angoni a Mpezeni ndi zishango ndi ng'ombe zawo, nakhala olamula. Mu 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoniwo, anapha Nsingu mwana wa Mpezeni, nalanda ng'ombe zambirimbiri. Mbali ino kunamangidwa Fort Manning, imene lero ndi Mchinji, ndipo tsidya linalo Fort Jameson, imene lero ndi Chipata.

Mu 1903 ansembe Achikatolika a chipani cha White Fathers anatsegula mishoni ya Kachebere, ndipo mu 1939 panakhazikitsidwa seminale yaikulu imene yaphunzitsa ansembe a m'Malawi ndi m'Zambia, ena mwa iwo Patrick Kalilombe ndi Emmanuel Milingo amene anadzakhala mabishopu. Tsidya la malire, kampani ya North Charterland inatenga dera lalikulu la kum'mawa kwa Luangwa. Anthu anakankhidwira m'malo opanikizana amene ankatchedwa malizevu kuti nthaka yabwino idikire Azungu olima fodya, ambiri mwa iwo osabwera n'komwe, mpaka boma la atsamunda linagula malowo kwa kampaniyo mu 1941.

Tikaunjika zonsezi tikuona kuti m'zaka zosakwana 100 phiri limodzi linaona ankhondo, atsamunda, amishoni ndi makampani, aliyense akubwera ndi lamulo lake la kagawidwe ka nthaka. Mngoni anati nthaka ndi ya wopambana pa nkhondo. Mzungu wa kampani anati ndi ya amene ali ndi pepala. Mchewa anapitiriza kunena kuti ndi ya mbumba, amoyo ndi akufa omwe. Mlembi wa nthano yaitali sangapemphe mphatso yoposa imeneyi. Komabe tikayang'ana pa shelefu ya mabuku athu, mkangano umenewu umangoonekera patali ngati utsi wa lupsa la kuseri kwa phiri. Amene anaulemba mwakuya ndi akatswiri a mbiri yakale olemba m'Chingerezi, monga Ian Linden, amene buku lake la mu 1974 likufotokoza momwe Achewa anagwiritsira ntchito Nyau polimbana ndi mphamvu za amishoni Achikatolika.

Mudzi wa m'mabuku athu

Tiyambe ndi Nthondo, buku la Ntara la mu 1933, limene ambiri amaliwerengera ngati chiyambi cha nthano zazitali za Chichewa. Nthondo amabadwira kumudzi, amakula movuta, amapita kukagwira ntchito kutali, amabwerera, amalowa ufumu ndipo amatembenuka mtima n'kukhala Mkhristu. Ntara anali ndi diso lakuthwa pa miyambo ya kubadwa, ukwati ndi maliro, ndipo palibe angamulande ulemu umenewo. Koma taonani kumene kusintha kumachitikira m'bukuli. Kumachitikira mumtima mwa Nthondo. Chachilendo chimene chimalowa m'mudzi ndi Uthenga ndi sukulu, ndipo mlembi amachilandira ngati kuwala. Funso loti obweretsa kuwalawo akhala pa nthaka ya yani silivutitsa nkhaniyo. Sitikudabwa, poti Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma ndipo anzake oyamba kuwerenga zolemba zake anali amishoni omwewo.

M'buku lake lina, Msyamboza, Ntara akutionetsa mfumu yochenjera imene inalandira njira zatsopano ndi chipembedzo chatsopano n'kupindula nazo. Apa mlendo tikumuona ndi maso a mfumu, munthu amene ali ndi mphamvu zokambirana ndi mlendoyo. Maso a mayi wamba, amene dimba lake lingakhale mbali ya zokambiranazo, sitikuwapeza. John Gwengwe naye mu Sikusinja ndi Gwenembe akutitengera pa ulendo uja wa kukasaka chuma kutali. Nsanje ndi kuphana zimachitika panjira, ndipo kumudzi ndi kumene choonadi chimaululika ndi kumene mlandu umaweruzidwa. Mudzi ndiwo muyeso woyezera khalidwe la munthu. Muyeso sufunsidwa mafunso.

Kalembedwe kameneka kanatsikira kwa alembi a m'mbuyo muno. Mabuku otchuka a m'zaka za m'ma 1980, kuphatikizapo a Jolly Max Ntaba ndi Willie Zingani, anatembenukira kwambiri ku nkhani za chikondi, banja, umphawi ndi dyera la ndalama, ndipo anazigwira bwino moti owerenga sanawaiwale. Nkhani zazifupi za m'masamba a Tikambe, Tamvani ndi Moni zinapitiriza njira yomweyo. M'zambiri mwa nkhani zimenezi mudzi ndi malo othawirako mpangankhani akagwa m'tauni. Ntchito ikatha amapita kumudzi, matenda akakula amapita kumudzi, banja likatha amapita kumudzi. Mlembi safunsa ngati munthuyo akapezadi polima. Amangokhulupirira kuti munda ulipo, monga timakhulupirira kuti dzuwa lituluka mawa.

Katswiri wina wounika zolembedwa, Raymond Williams, anaonetsa m'buku lake la mu 1973, The Country and the City, kuti alembi a ku England a mibadwo yosiyanasiyana ankadandaula kuti mudzi weniweni, wamtendere, unatha posachedwa pomwepa m'masiku a ubwana wawo. Ukabwerera m'mbuyo kukaufuna mudziwo, umapeza alembi a nthawi imeneyo akudandaula chimodzimodzi. Anaonetsanso kuti ndakatulo zotamanda nyumba zazikulu za kumidzi zinkabisa anthu amene ankakhetsa thukuta m'minda ya nyumbazo. Ifenso tili ndi mudzi wathu wa m'maloto, wa nkhokwe zodzaza ndi agogo osimba nthano pamoto. Ndi wokoma kuuwerenga, koma mwana wa ku Mchinji amene anakulira pakati pa mipanda ya maesiteti sangauzindikire.

Zaka za maesiteti ndi chete wa alembi

Dziko litalandira ufulu, lamulo la malo la mu 1965 linapatsa nduna mphamvu zopereka malo a mafumu kwa munthu mmodzi pa lizi, ndipo lizi ikatha malowo sankabwereranso kwa mfumu koma ankasanduka a boma. Lamulo lina, la mbewu zapadera, linkaletsa mlimi wamba kulima fodya wa bale, amene anali ndi ndalama zambiri. Wofuna kulima fodyayu ankayenera kukhala ndi esiteti. M'zaka za m'ma 1970 Dr. Kamuzu Banda analimbikitsa nduna, akuluakulu a chipani ndi a boma kutsegula maesiteti, iye mwini akutsogolera kudzera m'makampani a Press Farming ndi General Farming. Phindu limene ADMARC inkapeza pogula mbewu za alimi wamba pa mtengo wotsika linathandiza kukuza maesiteti omwewo. Maesiteti anachuluka kuchoka pa mazana ochepa mu 1970 kufika pa oposa 14,000 pofika 1990, ndipo Kasungu ndi Mchinji anali pakati penipeni pa chipwirikiti chimenechi.

Maesitetiwa anabweretsa alendo a mitundu iwiri. Woyamba anali mwini esiteti, kawirikawiri munthu wokhala ku Lilongwe kapena ku Blantyre, wobwera pa galimoto kumapeto kwa mwezi. Wachiwiri anali tenanti, wochokera m'maboma opanikizana a kum'mwera, wobwera pa lole ndi mkazi, ana ndi mapoto. Ankalandira chimanga ndi feteleza pa ngongole, ndipo pogulitsa fodya kwa bwana nthawi zambiri ankatsala ndi zochepa kapena ngongole yeniyeni. Eni dera anatsala pakati, malo odyetsera ziweto ndi otola nkhuni atachepa.

Tingamvetse chifukwa chimene alembi a nthawi imeneyo anakhalira chete. Bungwe lounika mabuku ndi zisudzo linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1968, ndipo kulemba za esiteti kunali kulemba za eni dziko. Kumangidwa kwa Jack Mapanje mu 1987 kunakumbutsa aliyense wogwira cholembera mtengo wa mawu. Buku la Chichewa linali pa ngozi yoposa, chifukwa msika wake waukulu unali sukulu, ndipo buku losakondweretsa boma silikanalowa m'kalasi. Koma chifukwa chimenechi chinatha mu 1994. Alimi wamba analoledwa kulima bale kuyambira mu 1990, maesiteti ambiri anagwa, ena anasanduka tchire, ndipo utenanti unathetsedwa ndi lamulo mu 2021. M'badwo wathunthu wa anthu unabadwira, unakulira ndi kukalambira m'zisakasa za pa esiteti. Ana awo ambiri sadziwa kwawo kwina koma Mchinji. Kodi nthano yawo yaitali ili kuti? Chete wa lero sitingamukankhire kwa Kamuzu.

Mlendo wa lero

Mlendo amene akufika m'midzi ya ku Mchinji masiku ano ndi Mmalawi mnzathu, wolankhula Chichewa chomwechi. Mu 2016 Ward Anseeuw, Thomas Jayne, Richard Kachule ndi mnzawo wina anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa minda ya pakatikati, ya mahekitala 5 mpaka 50, m'maboma a Mchinji, Kasungu ndi Lilongwe. Anapeza kuti malo a alimi oterewa anakula pafupifupi kuwirikiza kawiri pakati pa 2000 ndi 2015. Ena mwa alimiwa anachita kukwera kuchokera pa ulimi waung'ono, koma gawo linanso lalikulu ndithu linali la anthu a m'tauni, ogwira ntchito m'boma, amalonda ndi ophunzira, amene anayamba ulimi atakula kale pogwiritsa ntchito ndalama za kuntchito. Mbali ina ya malo amene anapezawo inali ikugwiritsidwa ntchito ndi anthu ena.

Zifukwa zake n'zoonekeratu. Mchinji ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 110 kuchokera ku Lilongwe pa msewu wa tala, moti munthu atha kunyamuka Loweruka m'mawa, kuyendera munda wa soya kapena mtedza, n'kukagona kwake. Njanji inafika ku Mchinji mu 1980 ndipo inalumikizidwa ndi Chipata mu 2010. Mu 2022 atsogoleri a mayiko awiriwa anatsegula chipata chimodzi cha Mwami ndi Mchinji chofulumizitsa malonda. Chilichonse mwa izi chimakweza mtengo wa nthaka. Pomwepo anthu akuchuluka: kalembera wa mu 1998 anapeza anthu pafupifupi 325,000 m'bomali, ndipo wa mu 2018 anapeza oposa 600,000. Nthaka yokha ndiyo siibereka inzake.

Mkangano wa eni ndi obwera suyamba ndi nkhani zikuluzikulu. Umayamba ndi kanjira kachidule kopita kuchitsime kamene katsekedwa ndi waya. Umayamba mbuzi ikalowa m'munda wa bwana n'kugwidwa ndi mlonda, mwini wake n'kulipitsidwa ndalama yoposa mtengo wa mbuziyo. Umayamba mayi akaletsedwa kutola nkhuni kapena bowa m'tsinde mwa phiri m'mene agogo ake ankatola, kapena anyamata akapeza kuti nkhalango yoyandikana ndi dambwe yalowa m'kati mwa mabikoni. Wogulayo sakulakwa pa lamulo, pepala ali nalo. Koma pa mwambo wa Achewa munthu akapatsidwa munda ankapatsidwa polima basi. Njira, msipu wa m'chilimwe, nkhuni ndi madzi zinkatsala za onse. Wogula amamva kuti wagula zonse, wogulitsa amamva kuti wagulitsa polima pokha. Onse awiri amagwiritsa ntchito liwu limodzi lakuti malo, koma akutanthauza zinthu ziwiri. Sewero labwino limabadwa pa kusamvana kotereku.

Makolo anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu unkatiphunzitsa kupirira mlendo ndi kumusamala poti sakhalitsa. Nanga mlendo amene wamanga nyumba ya njerwa zootcha, wakumba mjigo wake, waika sola padenga, ndipo ana ako akukagwira ganyu m'munda umene unali wa amalume awo, mwambiwu ukutiuza chiyani za iye? Alembi athu amakonda kutseka nkhani ndi mwambi ngati chivindikiro. Mlembi wolimba mtima angayambe nkhani pamene mwambi walephera.

Msampha wa nkhani yosavuta

Pali ngozi imene ndiyenera kuchenjeza. Mlembi atamva zonsezi atha kuthamangira kulemba nkhani ya bwana woipa wa m'tauni, mfumu yadyera ndi anthu osalakwa a m'mudzi, n'kumaliza ndi bwanayo atachita misala kapena atalumidwa ndi njoka. Nkhani yotere ingakhale ulendo wakale uja atangoutembenuza: tauni ndi yoipa, mudzi ndi woyera. Ingakhalenso yoopsa, chifukwa liwu lakuti obwera lapwetekapo kale anthu m'dziko lino, ndipo amene limawapweteka kwambiri ndi osauka. Mwana wa tenanti wobadwira ku Mchinji amatchedwa wobwera mofanana ndi mkulu wa m'boma amene wagula mahekitala 40, chonsecho mmodzi alibe ngakhale poika nkhokwe. Pakati pa 2004 ndi 2011 ntchito ya Kudzigulira Malo inasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi Mulanje kumene minda ya tiyi inatenga nthaka ya m'mapiri, kupita nawo ku Machinga, Mangochi ndi maboma oyandikana nawo. Kwawo anali eni nthaka opanda nthaka, kumene anapitako anakhala obwera. Munthu mmodzi yemweyo atha kuvala mayina onse awiri m'moyo umodzi.

Tisaiwalenso kuti mudzi wa Achewa unamangidwa pa mlendo. Pa chikamwini mwamuna aliyense wokwatira ndi wobwera, amalima munda umene si wake, ndipo mkazi akamwalira atha kuuzidwa kuti anyamule khasu lake. Pa chitengwa ndi pa ukwati wa malowolo wa Angoni mlendoyo ndi mkazi. Ku Mchinji miyambo iwiriyi imakhalira limodzi, nthawi zina m'banja limodzi. Tsono malo akagulitsidwa, ndani wagulitsa? Mwina ndi mwinimbumba amene wagulitsa munda wa alongo ake iwo osadziwa. Mwina ndi mkamwini amene watopa ndi kulima pa eni, ndipo akufuna pepala loti ana ake asadzathamangitsidwe ndi akuchikazi. Mwina ndi mayi wamasiye amene waona kuti akapanda kugulitsa lero, achibale a mwamuna wake adzamulanda mawa. Wogulayo naye mwina ndi mphunzitsi wopuma ntchito amene waika penshoni yake yonse pa maekala asanu, ndipo usiku sagona poopa kuti mfumu yatsopano idzakana zimene inavomera yakale. Makolo omwewo anatinso mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Wobwera amabweretsa chigayo, ganyu wa m'miyezi ya njala, ndi galimoto yonyamula wodwala usiku. Kalumo kamameta bwino, kamachekanso.

Amene akufuna chitsanzo cha momwe nkhani yotere ingalembedwere awerenge Petals of Blood, buku la Ngugi wa Thiong'o la mu 1977. Mudzi wa Ilmorog umayamba uli woiwalika, wachilala. Msewu waukulu utadutsa kumabwera banki, masitolo ndi anthu a ndalama, ndipo eni mudzi amataya minda chifukwa cha ngongole, mpaka mowa wawo wamakolo umasanduka malonda a kampani ya anthu ena. Mphamvu ya bukuli ili pakuti ampangankhani ake akuluakulu nawonso ndi obwera mu Ilmorog, aliyense ndi bala lake, ndipo owerenga amaona ndalama zikuyenda kuchoka dzanja lina kupita lina. Ngugi anatsata ndalama, ife timatsata khalidwe lokha. Nkhani zathu zimatiuza kuti wakutiwakuti anali wadyera, koma sizitiuza kuti ekala inagulidwa zingati, ndani anasaina, ndani analandira kangachepe, ndipo ndalamazo zinatha bwanji.

Chiyankhulo cha nthaka

Mbali ina ya vutoli ili m'chiyankhulo chimene timalembera. Pali chikhulupiriro pakati pa alembi ena chakuti Chichewa chabwino ndi chokhacho cha miyambi ndi zining'a, ndipo mawu obwereka amadetsa nkhani. Komatu mkangano wa malo umachitika m'mawu obwerekawo. Pabwalo la mfumu lero pamamveka lizi, puloti, bikoni, saveya, hekitala ndi sitampa, pambali pa tsala, dimba, mbumba ndi manda. Kale munthu ankapempha malo, n'kupereka nkhuku yothokoza. Lero amagula malo, ngakhale onse opezekapo atagwirizana kuti ndalamayo aitche yothokoza. Mtunda umene uli pakati pa kupempha ndi kugula ndiwo nkhani yonse, ndipo mlembi wa khutu labwino angaionetse m'kukambirana kwa anthu awiri popanda kulalikira.

Malamulo nawonso asintha, ndipo mlembi ayenera kuwadziwa monga amadziwira miyambo ya chinamwali. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 linatsegula njira yoti banja kapena munthu alembetse malo ake n'kulandira chikalata, kudzera m'makomiti a malo a m'midzi. Zosintha za mu 2022 zinaletsa kugulitsa malo kwa anthu amene si nzika za dziko lino. Izi zikutanthauza kuti mkangano wa m'tsogolo udzakhala wa Amalawi okhaokha, wa amene ali ndi ndalama ndi amene ali ndi manda a makolo pamalopo. Chikalata chitha kuteteza mayi wamasiye, chithanso kupangitsa munda kukhala wosavuta kugulitsa. Dzina la yani lilembedwe pa chikalata cha munda wa mbumba? Funso limeneli lokha lingabale masewero khumi a pa wailesi.

Pempho kwa alembi

Sindikupempha alembi kuti asanduke maloya kapena olemba malipoti a mabungwe. Nthano imene yalembedwa kuti iphunzitse lamulo imafa isanafike pa tsamba lachitatu. Pempho langa ndi la malo ochitikira nkhani. Mudzi uleke kukhala nsalu yopachika kumbuyo kwa ampangankhani. Ukhale ndi dzina, malire, mbiri ndi mtengo wake. Wolemba za ku Kachebere adziwe kuti belu la seminale ndi ng'oma ya kudambwe zamveka m'phiri limodzi kwa zaka zambiri, kuti mlimi wa kumeneko amadziwa mtengo wa chimanga m'makwacha a mayiko awiri, kuti agogo ena a m'deralo anaona esiteti ikubwera, ikugwa, ndipo tsopano akuona waya watsopano pa malo omwewo. Wolemba za ku Nyika akumbukire Aphoka amene anasamutsidwa pamene malo osungirako nyama anakuzidwa mu 1978. Wolemba za ku Mulanje afunse kuti alendo odzakwera phiri akamachuluka, maka poti phirilo linalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2025, malo a m'tsinde mwake adzakhala a yani.

Owerenga a Chichewa ambiri ndi anthu amene nkhaniyi ikuwakhudza mbali zonse ziwiri. Ena ali ndi mlongo kumudzi amene munda wake ukuchepa chaka ndi chaka. Ena, kuphatikizapo ife alembi amene timakhala m'tauni, tikusunga ndalama kuti tidzagule kamalo kopumirapo ku Mchinji, ku Dowa kapena ku Dedza. Mwina n'chifukwa chake nkhaniyi timaizemba, poti mpangankhani wovutayo amafanana nafe. Koma zolemba za mtundu wa anthu zimakula pamene alembi ake ayamba kulemba zimene zikuwachititsa manyazi. Ntara analemba za m'badwo umene unkasankha pakati pa kachisi ndi tchalitchi, ndipo tikumuwerengabe patapita zaka zoposa 90. M'badwo uno ukusankha pakati pa munda wa mbumba ndi chikalata cha munthu mmodzi, ndipo adzukulu athu akadzafuna kudziwa momwe chisankhocho chinachitikira, adzatsegula mabuku amene tikulemba lerowa.